Khuntho, Velemoti ndi Mtsuko Wagalasi: Mbiri ya Ziwiya za Mowa ku Mchinji

Chakumwa chilichonse chofulula chimasiya nsenga pansi pa chotengera, ndipo mtundu uliwonse wa anthu unayenera kugamula chochita nazo. Anthu a m'maiko olima mphesa anagamula kuti nsenga zisafike pakamwa. Kwa zaka mazanamazana akhala akuumba ndi kusula zida zolekanitsira vinyo ndi zinyalala zake, mpaka anafika pa botolo lagalasi la mimba yaikulu ndi khosi lalitali limene Angerezi amalitcha decanter, lija mungalione m'kabati ya hotela yodula ku Lilongwe. Anthu a ku Mchinji anagamula zina. Kwa iwo mowa wopyapyala ndi madzi chabe, ndipo chakumwa chawo chachikulu chimadziwika ndi nsenga zomwezo: mowa wa masese. Zida zawo zinali zosankhira chimene chitsale ndi chimene chichoke, zovundulira ndi zogawira. Tikalondola zida zimenezi kuyambira pa mbiya mpaka pa kasacheti ka pulasitiki, chinthu chimodzi chimaonekera: chiwiya chakhala chikuchepa, ndipo gulu la omwera m'menemo lakhala likuchepa nacho.

Mchinji ndi boma la kumalire, makilomita pafupifupi 110 kumadzulo kwa Lilongwe, ndipo kalembera wa 2018 anapezako anthu oposa 600,000. M'mapiri ake ndi momwe mumachokera mtsinje wa Bua. Malire ndi Zambia ndi a dzana. Kale dera lonse kuyambira kuno mpaka kupitirira Chipata linali dziko limodzi la Achewa, ndipo Mkanda anali mmodzi wa mafumu amphamvu pansi pa mfumu yaikulu Undi. Mpwitikizi Antonio Gamitto, amene anachoka ku Tete mu 1831 pa ulendo wa kwa Kazembe, anadutsa m'maiko a Amaravi ndi Achewa ndipo analemba za mphamvu za mfumu imeneyi. Dziko limene anadutsamo linali la mapira, mawere ndi chimanga, ndipo kumene kuli mbewu zimenezi kuli chimera.

Mowa umayamba ndi chimera. Mayi amaviika mbewu m'madzi, n'kuzivuula, n'kuzifunditsa masamba pamthunzi mpaka zitatulutsa timizu ndi tinsonga. Akatero amaziyanika padzuwa, kenaka n'kusinja. Mbewu yomera imakhala ndi mphamvu yosungunula ufa kuti usanduke shuga, ndipo popanda shugayo palibe chimene chingawire. Tsiku lophika, amayi amatereka miphika yaikulu ya phala, n'kulisiya lizizire, n'kuthiramo chimera. Likagona limayamba kuwawasa, amaliphikanso kwa maola ambiri, kulipozanso, kuwonjezeranso chimera. Pakati pa ntchitoyi ndi pamene amapatula thobwa la ana ndi la osamwa. Zotsalazo zimapitirira kuwira, ndipo mowa wachikale unkatenga pafupifupi sabata kuti upse.

Taonani bwino ntchito yopoza ija. Phala lotentha likhoza kupha mphamvu ya chimera, choncho amayi amalitunga ndi chikho, kulikweza m'mwamba n'kulitsanulira mumphika wina, mobwerezabwereza, nthunzi ili tolotolo. Cholinga chawo ndi kuziziritsa, koma potero phalalo limamwanso mpweya, ndipo yisiti, tizilombo tosaoneka timene timasandutsa shuga kukhala mowa, timafuna mpweya pang'ono poyamba kuti tichulukane. Mowa wa ku Mchinji umapuma usanabadwe, pamene vinyo amamupumitsa patebulo atapsa kale. Yisiti ameneyu sankagulidwa. Ankakhala m'timing'alu ta mbiya yakale, ndipo n'chifukwa chake mbiya ya mowa inali ya mowa basi, yosasungiramo madzi kapena ndiwo, yosakwechedwa ndi sopo. Mayi akanena kuti mbiya yakutiyakuti imapsetsa bwino ankanena zoona zenizeni, ngakhale analibe makina oonera tizilombo.

Mbiyazo ankaumba ndi amayi, ndi dongo la kudambo kapena la pachulu, popanda gudumu, n'kuziotcha ndi makungwa ndi nkhuni. Yofululira inkakhala yaikulu moti kuinyamula inkafuna anthu awiri, ndipo pansi pake pozungulira ankapakhazika m'kadzenje kapena pankhata. Dongo lootcha limatuluka thukuta pang'onopang'ono, thukutalo likamauma mkatimo mumazizira, choncho mowa sunkathamanga kupsa ngakhale mu Okutobala. Pakamwa pake ankangovindikirapo lichero kapena mbale. Kumata sikunali kotheka, pakuti mowa wowira umatulutsa mpweya wosaleka, ndipo mpweya womwewo ukadzaza pamwamba pa thovu umatchinjiriza mowa kuti usasanduke viniga msanga.

Kenaka pamabwera khuntho, chosefera cholukidwa ndi mlaza kapena timizere ta nsungwi. Apa ndi pamene luso la wofulula limaonekera. Amatunga mowa ndi chikho n'kuthira m'khuntho limene lili pamwamba pa mbiya ina, n'kumafinya ndi kupotokola kuti madzi onse atsike. Makoko a chimera ndi misere ikuluikulu zimatsala, zimene amapatsa nkhumba ndi nkhuku kapena kuthiranso madzi kuti atulutse kamowa kofooka. Koma ufa wosalala umadutsa, ndipo uyenera kudutsa. Khuntho lothina kwambiri likanatulutsa madzi oledzeretsa opanda thupi, lotakasuka kwambiri likanatsamwitsa anthu. Wolukayo ankayenera kupeza pakati. Kusefa kwa mtundu wina amayi omwewo ankakudziwa bwino, pakuti pocheza chidulo amafuna madzi oyera opanda phulusa ngakhale pang'ono. Ndiye kusiya nsenga m'mowa sikunali kulephera. Ankazifuna, chifukwa mowawu unali chakudya, ndipo munthu ankatha kulima tsiku lonse m'mimba muli masese okha.

Pomwera, nsenga zimakhazikika pansi pakangopita kanthawi, choncho wogawa amayamba wavundula ndi chikho cha mpini wautali asanadzaze chipanda. Wolandira naye amachizunguza pang'ono asanamwe. Mwini mowa amalawa poyamba pamaso pa onse, kuti aliyense aone kuti mulibe choipa, kenaka chipanda chimayamba kwa akulu n'kumayenda dzanja ndi dzanja. Walira mvula walira matope: wofuna mowa ankalandira ndi masese omwe, ndiponso ankalandira malamulo a bwalo. Chipanda chimodzi pakati pa anthu khumi ndi mlonda wamphamvu. Sungachikakamire, anzako akudikira. Sungamwe mobisa. Ndipo mowa wa mphamvu ya 3 kapena 4 pa 100 iliyonse, wokhutitsa chotero, umadzaza mimba mutu usanasokonezeke kwambiri. Sindikunena kuti makolo sankaledzera. Ankaledzera ndithu, ndeu zinkabuka, milandu inkafika kwa mfumu. Koma mowa unkapsa mwa apo ndi apo, unkasasa pakapita masiku awiri kapena atatu, ndipo sunkatheka kuusunga m'nyumba kuti munthu azimwa yekha.

Unkafululidwanso pa chifukwa. Panali mowa wa dima, woitanira anansi kudzathandiza kulima kapena kukolola. Panali wa maliro, wa kumeta, wa bona ndi wa mpalo, pamene Gule Wamkulu amatuluka kudzaperekeza mzimu. Panali wa chinamwali ndi wolonga ufumu, ndiponso wa nsembe yopempha mvula, wothiridwa pansi kuchokera m'kamphika kakang'ono. Mowa wa mizimu unali ndi mwambo wake: ofulula ankayenera kukhala ozizira, osagona ndi amuna awo mpaka ntchito itatha, ndipo mowa ukasasa anthu ankayang'anana kuti wadula mwambo ndani.

Angoni atafika sanabweretse mowa wachilendo. Mtsogoleri wawo Zwangendaba anawoloka Zambezi mu Novembala 1835, tsiku limene kadamsana anaphimba dzuwa, ndipo mwana wake Mpezeni anadzakhazikika m'dziko la Mkanda cha m'ma 1870. Mafumu a Zulu ndi Mlonyeni a ku Mchinji ndi a mtundu umenewu. Kumene anachokera, kwa Azulu, mowa wa mapira amausefa mpaka lero ndi chosefera chaudzu chachitali chotchedwa ivovo, n'kumwera mumphika wakuda wotchedwa ukhamba. Angoni ndi Achewa anamenyana pa zambiri, koma pa mbiya anamvana msanga, makamaka popeza amayi ambiri m'midzi ya Angoni anali Achewa ndi Ansenga, ndipo ofulula anali iwowo. Mpaka pano mowa wa masese susowa pa Nc'wala ku Mtenguleni mu Febuluwale, ngakhale pa Kulamba ku Mkaika mu Ogasiti, miyambo imene anthu a ku Mchinji amawolokera malire kukachita nawo.

Mu Januwale 1898 asilikali a Angerezi ochokera ku Nyasaland anagonjetsa Angoni a Mpezeni, ndipo mwana wake Nsingo anaphedwa. Linga limene anamanga kuno linatchedwa Fort Manning, potengera msilikali William Manning amene pambuyo pake anadzakhala bwanamkubwa wa Nyasaland, ndipo bomali linakhala ndi dzina limeneli mpaka dziko litalandira ufulu. Tsidya linalo kunamera Fort Jameson, Chipata wa lero. Ndi mabwana a boma, alimi a fodya achizungu ndi amishoni kunabwera chiwiya chimene chinali chosowa kuno: botolo lagalasi. Zamkati mwake sizinali za aliyense. Pangano la ku Brussels la 1890 linali litaika malire pa malonda a mowa waukali m'chigawo chachikulu cha Africa, ndipo malamulo a atsamunda analetsa kugulitsa zakumwa za Azungu kwa anthu akuda kwa zaka zambiri. Mnyamata wa kukhitchini ankatsuka mtsuko wagalasi wa bwana, ankadziwa kuutsanulira, koma kulawa unali mlandu.

Mtsuko wagalasiwo unali ndi mbiri yakeyake. Agiriki ndi Aroma ankasunga vinyo m'mitsuko yadothi ya pansi posongoka, yomatidwa phula mkati, yolemera kwambiri moti sinkabwera patebulo. Antchito ankatsanulira vinyo m'timitsuko, nthawi zambiri kudzera m'sefa wachitsulo, n'kusakaniza ndi madzi. Luso louzira galasi linatulukira ku dera la Syria ndi Palestine zaka pafupifupi 50 Khristu asanabadwe, ndipo linadzafika pachimake ku Murano, chilumba cha Venice kumene ng'anjo za galasi zinasamutsidwira mu 1291. Koma galasi la kumeneko linali losachedwa kusweka. Botolo lolimba lakuda linatulukira ku England m'zaka za m'ma 1630, ndipo dzina la Kenelm Digby ndilo limatchulidwa pa ntchitoyo. Mu 1674 George Ravenscroft analandira chilolezo cha galasi lake lowala, limene anadzalikonza pothiramo mtovu, ndipo mitsuko yagalasi yonyezimira ya patebulo inachokera pamenepo. Zitsekerero zake zagalasi zinafala cha m'ma 1730. Mu 1795 m'busa wina wa ku England, Samuel Henshall, analembetsa chotsegulira chozungulira chozulira chitsekerero cha botolo.

Zida zonsezi zinabadwa chifukwa cha vuto limodzi limene mowa wa masese ulibe: vinyo amasungidwa ndipo amayenda. Botolo lotsekedwa bwino likagona chammbali zaka khumi kapena makumi awiri, utoto wa makoko a mphesa ndi timchere ta m'madzi ake zimaundana n'kugwa pansi. Vinyo wa port wa ku chigwa cha Douro ku Portugal, amene Angerezi ankamukonda kwambiri, amachita kumata chikhokho m'mbali mwa botolo. Nsenga zimenezi sizipha, koma n'zowawa ndiponso zimachita mchenga m'mano. Njira yake ndi iyi: botolo amaliimika tsiku lathunthu kuti zonse zitsike, n'kulitsegula mosagwedeza, n'kuyatsa kandulo pansi pa khosi lake, n'kumatsanulira pang'onopang'ono mumtsuko wagalasi diso lili pakhosipo. Mdima wa nsenga ukangofika pakuwalapo, dzanja limaima. Olemera anali ndi fanulo yasiliva yokhala ndi kasefa, ena kabedi kachitsulo kopendeketsera botolo ndi chopukusa, ndipo a m'sitima zapamadzi anali ndi mtsuko wa pansi potambalala kuti usagwe ndi mafunde.

Kupumitsa ndi ntchito ina, ngakhale chiwiya chake n'chomwecho. Vinyo wofiira wosakhwima amamanga m'kamwa ngati nthochi yosapsa, ndipo nthawi zina potsegula amatulutsa kafungo koipa kamene kanatsekeredwa m'botolo. Kungozula chitsekerero sikuthandiza kwenikweni, pakuti malo okhudzana ndi mpweya pakhosi pa botolo ndi ochepa zedi. Mtsuko wa mimba yotambalala umayala vinyo kuti mpweya umukhudze ponseponse, fungo loipa liuluke, labwino lituluke. Masiku ano kuli tizida tapulasitiki toika pakamwa pa botolo, monga ta mtundu wa Vinturi, timene timapanikiza vinyo panjira yopapatiza kuti azikoka mpweya kudzera m'timabowo ta m'mbali, potsatira zimene Giovanni Battista Venturi wa ku Italy anafotokoza mu 1797. Akatswiri eni ake sagwirizana ngati zonsezi n'zofunika. Émile Peynaud wa ku Bordeaux, mmodzi wa aphunzitsi otchuka a za vinyo, ankati kutsanula kuli ndi phindu pokhapokha pali nsenga zochotsa, ndipo kuchitike vinyo atatsala pang'ono kumwedwa, pakuti mpweya wambiri umabalalitsa fungo. Louis Pasteur anali ataonetsa kale m'ma 1860 kuti mpweya ndi tizilombo ndizo zimasandutsa vinyo kukhala viniga. Mayi wa kwa Mkanda amene mowa wake unasasa pa tsiku lachitatu ankalimbana ndi tizilombo ta mtundu womwewo.

Vinyo amene anthu wamba a ku Mchinji anayamba kumuona ndi maso sanali wa patebulo la bwana, koma wa paguwa. Ansembe a chipani cha White Fathers anatsegula mishoni ya Kachebere mu 1903, m'tsinde mwa phiri pamalire penipeni, ndipo mu 1939 malowa anasanduka seminale yaikulu yophunzitsa ansembe a ku Nyasaland ndi Northern Rhodesia. Lamulo la Mpingo wa Katolika limati vinyo wa Misa akhale wa mphesa zenizeni, wosasasa. Mphesa kuno kunalibe, choncho m'zaka zoyambazo vinyo ankachokera kutsidya kwa nyanja, kulowera pa Chinde, kukwera Zambezi ndi Shire, n'kumaliza ulendo pamitu ya amtengatenga. Chinthu chobwera movutira chotero ankachisamala ngati mankhwala. Chotengera chachikulu chikatsegulidwa ankachigawa m'mabotolo ang'onoang'ono odzaza mpaka kukhosi kuti mpweya usapeze malo, ndipo paguwa pankafika timabotolo tiwiri tokha, kena ka vinyo kena ka madzi, zothira m'chikho. Akatolika sanaletse mowa wa masese, ankangodzudzula kuledzera. A mishoni ya Dutch Reformed, amene mpingo wawo ndi Sinodi ya Nkhoma ya lero, analetsa kufulula ndi kumwa komwe, ndipo m'midzi yawo mbiya zinatsalira thobwa.

Chida chimene chinasintha zinthu kwambiri sichinachokere kwa Angerezi. Luso lotcheza kachasu linakwera kuchokera ku chigwa cha Zambezi, kumene Apwitikizi ndi anthu awo a m'minda ikuluikulu ya ku Tete ankatcheza mowa waukali kuyambira kale. Zida zake n'zosavuta kupeza. Gaga, shuga ndi madzi zimawira masiku angapo, nthawi zina ndi zipatso monga masuku. Zikapsa amazithira mumbiya n'kuitereka pamoto, pamwamba n'kuvindikira kamphika kobowola, m'mphepete monse n'kumata ndi dothi kapena phala la gaga kuti nthunzi isapeze pothawira. Pabowopo amalowetsa mpope, umene kale unkakhala wa mfuti ya gogodela ndipo pambuyo pake chitsulo cha njinga yakutha kapena paipi. Mpopewo umadutsa m'chimtengo chogoba chodzaza madzi ozizira, ndipo kunsonga kwake kachasu amadontha m'botolo. Mowa umasanduka nthunzi pa madigiri 78, madzi pa 100, ndiye ntchito yonse ya wotcheza ndi kusunga moto pakati pamenepo: ukakula, phala limafufuma n'kulowa mumpope, ukachepa palibe chodontha. Madzi a m'chimtengo akafunda amawasintha. Botolo loyamba ndi mutu, waukali woyaka ukawazidwa pamoto, ndipo otsatira amanka nafooka.

Apa zonse za mbiya zinatembenuzika. Kachasu alibe nsenga, sasasa, safuna mpweya, sakhutitsa. Amabisika pansi pa bedi kapena m'munda wa chimanga apolisi akamabwera, pakuti boma la atsamunda linamuletsa ndipo amayi ambiri analipira faindi chifukwa cha iye. Koma sakanatheka popanda botolo, ndipo mabotolo anachokera kudzala la Azungu ndi m'masitolo a Amwenye. Muyeso wake wotchuka mpaka lero ndi velemoti, botolo limene poyamba linkabwera ndi vermouth, vinyo wothira zitsamba wa ku Italy ndi France. Vinyoyo anthu sanamulawe, koma chotengera chake chinalowa m'mudzi n'kukhala muyeso wa malonda, wa chindapusa ndi wa mphatso kwa adzukulu okumba manda.

Ndalama zinamaliza zimene botolo linayamba. Msonkho wa nyumba unkafuna makobidi, amuna anapita ku Halale, ku Joni ndi ku migodi ya kopa, ndipo mayi wotsala pakhomo anapeza kuti chimera ndicho chuma chimene ali nacho m'manja. Obwerera kwawo anabwera ndi chizolowezi cha m'mabawa a m'tauni, kumene munthu amagula mowa ndi ndalama yake, komanso ndi mowa wachangu wa shuga ndi yisiti wa m'sitolo, chikokeyani, wopsa tsiku limodzi. M'zaka za m'ma 1970 maesiteti a fodya atachuluka ku Mchinji, matenanti ndi aganyu ochokera m'maboma ena anadzaza dera lino, anthu opanda bwalo la kwawo, olandira ndalama kamodzi pachaka. Mbiya inachepa. Mgolo wachitsulo wa malita 200 unalowa m'malo mwake, wosasweka, wopirira moto waukulu. Khuntho linagonja kwa saka ndi sefa wawaya. Ndipo popeza zipanda sizilingana kukula, wogulitsa anafuna muyeso wosakanganitsa: chitini, kenaka kapu yapulasitiki. Munthu akalipira kapu yake, palibe wina womuuza kuti pereka kuno.

Chibuku ndi masese a m'fakitale. Max Heinrich anayamba kumufulula ku Copperbelt m'zaka za m'ma 1950, ndipo anafalikira ku Zimbabwe ndi ku Malawi komwe. Paketi yake ya lita imodzi inasunga mfundo ziwiri za mbiya mokhulupirika: ili ndi kabowo pamwamba kotulutsira mpweya chifukwa mowawo ukadali kuwira, ndipo womwa amayamba waikhutchumula kuti nsenga zibwerere m'mwamba. Wa tsiku loyamba ndi wotsekemera ndi wofooka, wa tsiku lachinayi ndi waukali, ndipo akadaulo a pa Kamwendo kapena pa Kapiri amafunsa tsiku limene galimoto inatsitsa asanagule. Paketi imayendabe dzanja ndi dzanja pakati pa anthu awiri kapena atatu. Chibuku Super wa m'botolo lapulasitiki, amene anayambira ku Zambia mu 2012, ndi wophikidwa kuti tizilombo tife, choncho amatsekedwa ndithu n'kukhala milungu osasasa. Mowa woyera wa m'botolo unali utafika kale: fakitale ya Carlsberg ya ku Blantyre, yoyamba ya kampaniyo kunja kwa Denmark, inatsegulidwa mu 1968.

Chiwiya chochepetsetsa pa zonse chinali sacheti, kathumba kapulasitiki ka mowa waukali kolowa m'thumba la yunifolomu ya sukulu, ka mtengo wotsika kuposa botolo la fanta. Zambia inaletsa timatumbati, timene kumeneko amati tujilijili, mu 2012, ndipo Malawi anakhazikitsa malamulo ake oletsa mu 2015, makampani n'kukokana ndi boma m'makhoti kwa nthawi ndithu. Boma la kumalire limamva kusiyana kwa malamulo otere msanga kuposa ena. Chipata cha Mwami, chimene mapulezidenti Lazarus Chakwera ndi Hakainde Hichilema anachitsegula mwatsopano mu Disembala 2022 kuti maofesi a maiko awiri akhale pamodzi, ndi khomo limodzi chabe pa malire aatali odutsa m'minda ndi m'midzi ya pachibale, ndipo njinga sizisowa njira. Masacheti atatha, mowa womwewo unabwerera m'timabotolo tapulasitiki ndi m'zigubu zikuluzikulu zimene wogulitsa amatsanulira m'mabotolo akale ndi m'tizitsekerero, malinga ndi ndalama ya wogula. Kumeneku ndiye kutsanula kumene kwafala m'misika yathu, ndipo n'koopsa, chifukwa wogula saona chimene chinali m'chigubu ngakhale chimene chawonjezedwamo. Imfa za anthu a ku Blantyre mu 2024, atamwa mowa umene unatchedwa ambuye n'tengeni, zinachokera m'malonda a mtundu umenewu.

Zotengera zomwe zili ndi ngozi yakeyake. M'boma lolima fodya zigubu ndi migolo ya mankhwala a mbewu sizisowa, ndipo pulasitiki imene inamwa mankhwala siyera ndi kutsuka. Mpope wa dzimbiri kapena wowotcherera ndi mtovu umapatsira kachasu chiphe chake. Olemera nawo sanapulumuke: galasi lonyezimira la Ravenscroft lija limasungunukira mtovu m'chakumwa chikakhalitsamo, n'chifukwa chake madokotala amalangiza kuti mtsuko wotere ukhale wotsanuliramo pa chakudya chokha, osati wosungiramo burande miyezi.

Vinyo amene amapezeka m'masitolo ndi m'malo ogona alendo pa boma la Mchinji ndi ku Chipata ngwochokera makamaka ku South Africa, kumene Jan van Riebeeck anafinya mphesa zoyamba pa 2 Febuluwale 1659. Wambiri ndi wotsekemera, wosefedwa kale kufakitale, ndipo wina amabwera m'katoni yokhala ndi thumba, nzeru ya Thomas Angove wa ku Australia ya mu 1965, imene pambuyo pake anaiwonjezera kampopi. Thumbalo limanyala vinyo akamatuluka kuti mpweya usalowe, choncho wogulitsa amatha kuthira tambula imodzi lero, ina sabata yamawa. Vinyo wotere alibe nsenga zochotsa ngakhale ukali wofewetsa, ndipo kumugulira kachida kopumitsira n'kutaya ndalama. Chimodzimodzi vinyo wa zipatso wa Linga wa ku Lilongwe, wa jambula, gwafa kapena chidede, amene amangofuna kuzizira. Amene amafunikadi kutsanula mosamala ndi amayi ndi magulu opanga vinyo wa nthochi kapena wa chidede pakhomo: iwo amadikira nsenga zikhazikike m'ndowa, n'kukoka woyera wa pamwamba ndi kapaipi kupita m'chigubu china, kawiri kapena katatu, asanathire m'mabotolo.

Mbiya yaikulu ikusowa chifukwa oumba ake akutha, ndipo atsikana ochepa ndiwo akuphunzira ntchito yotenga masabata pamene mgolo ukugulidwa pamsika tsiku limodzi. Pa bona kapena pa mpalo m'midzi ya kwa Mkanda, kwa Dambe ndi kwa Mavwere mowa wambiri tsopano umaphikidwa m'migolo n'kusefedwa ndi saka. Koma gawo la mfumu, la adzukulu ndi la nsembe amalipatulabe mumtsuko wadothi, ndipo banja limene lilibe wake limakabwereka kwa anansi.